MLENDO WA NDALAMA ZOCHEPA AGONE KUTI KU THYOLO?

Munthu akamakonzekera ulendo amawerengera ndalama ya galimoto, ya chakudya ndi ya chimene akukachita kumene akupitako, koma funso lakuti "kukandidera ndikagona kuti?" amalisiya kumapeto ngati kuti dzuwa lidzamudikira. Chikhalirecho pa ulendo wa masiku awiri kapena atatu chigono ndicho chimadya gawo lalikulu la ndalama za m'thumba, ndipo munthu akasankha molakwa amatayanso katundu, thanzi, ngakhale ulemu wake umene. M'nkhani ya lero tifuna kuyerekeza mitengo ya malo osiyanasiyana ogona alendo m'boma la Thyolo, ndi kufunsa ngati munthu wa ndalama zochepa akuchitiridwa chilungamo.

Tasankha Thyolo pa chifukwa. Bomali lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera mu mzinda wa Blantyre, ndipo kalembera wa mu 2018 adapezamo anthu oposa 720,000, ambiri a iwo othithikana pa malo otsala pakati pa minda ya tiyi. Tiyi adayamba kubzalidwa kuno ku Bandanga mu 1908, patapita zaka zingapo chiyambire ku Mulanje, ndipo maina a Satemwa, Makandi, Naming'omba, Nchima ndi Conforzi ndi odziwika kwa mwana aliyense wa sukulu. Ndi boma limene olemera ndi osauka amayenda pa msewu umodzi, napuma mpweya umodzi, koma usiku ukagwa amakagona m'maiko awiri osiyana.

Alendo a kuno ndi amitundumitundu. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, tiyi amaphuka kwambiri mpaka mu Epulo, ndipo anthu amachokera kutali kudzafuna ntchito yothyola. M'nyengo imeneyi minda ya tiyi m'dziko muno imalemba anthu oposa 50,000. Pali osamalira odwala amene amabwera ku chipatala cha boma kapena ku Malamulo, mishoni ya Adventist imene idakhazikika ku Makwasa mu 1902. Pali amalonda ogula masamba ndi tomato ku Bvumbwe, ogula nthochi cha ku Thekerani ndi ku Masambanjati, ndi ena opita ku msika wa ku Luchenza. Pali aphunzitsi ndi akalaliki oitanidwa ku boma, opita ku maliro, ana a sukulu okaona fakitale, ndi alendo a kunja odzaona kukongola kwa mapiri. Onsewa, likalowa dzuwa, amafuna denga.

MUYESO WAKE

Sitilemba pano mndandanda wa mitengo ya zipinda, pakuti mtengo wolembedwa lero umakhala bodza pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo nthawi zonse ziwirizo mitengo ya zinthu idakwera motsatira. Muyeso umene sutha msanga ndi wa thukuta: kodi munthu agwire ntchito masiku angati kuti alipire usiku umodzi?

Mu 2024 boma lidakweza malipiro ochepetsetsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi. Tikagawa ndalamayi ndi masiku 26 ogwira ntchito tipeza K3,461 patsiku. M'chaka chomwecho dola imodzi ya ku America inkasinthidwa pafupifupi K1,750 ku banki, kotero kuti malipiro a mwezi wonse adali ngati madola 50. Awerengi asunge manambala amenewa m'mutu, chifukwa ndiwo sikelo imene tiyezere malo onse amene titchule.

NYUMBA ZA M'MINDA YA TIYI

Tiyambire pamwamba. Pa esiteti ya Satemwa, imene Maclean Kay adayambitsa mu 1923, pali nyumba yotchedwa Huntingdon House, yomangidwa mu 1928 ngati nyumba ya banja, imene pambuyo pake idasandulika malo olandirira alendo. Ku Bvumbwe kuli Game Haven, kumene mlendo amagona pafupi ndi nyama za m'tchire. Malo a mtundu umenewu ndi aukhondo, achitetezo, achakudya chabwino, ndipo nthawi zambiri mitengo yake imalembedwa m'madola. Tiyerekeze chabe kuti chipinda china chotere chili pa madola 100. Pa kasinthidwe ka mu 2024 ndiye kuti ndi K175,000, kapena kuti masiku 50 a thukuta la munthu wolandira malipiro ochepetsetsa. Usiku umodzi ulingana ndi ntchito ya pafupifupi miyezi iwiri.

Ena akamva zimenezi amakwiya nanena kuti malo oterewa ndi chipongwe kwa osauka. Ife sitigwirizana nawo. Nyumbazi zimabweretsa ndalama zakunja zimene dziko lathu likuzisowa, zimalemba ntchito ophika, oyeretsa, alonda ndi oyendetsa galimoto, ndipo zimagula ndiwo kwa alimi oyandikana nazo. Amene adzera kutali ndi ndege kudzamwa tiyi pakhonde loyang'ana phiri la Thyolo alipire ndithu mtengo wake. Vuto lili pansi pa makwerero, pamene masitepe ambiri adathyoka, kotero kuti wotsika kuchoka pa nyumba ya madola amagwa mpaka pansi osapeza popondapo.

MALOJI APAKATI

Ku Thyolo boma, ku Luchenza ndi ku Bvumbwe kuli maloji apakatikati, okhala ndi chipinda cha bafa ndi chimbudzi chamkati, mpanda, mlonda, ndipo kawirikawiri tiyi wa m'mawa. Amene amagonamo kwambiri ndi ogwira ntchito m'boma ndi m'mabungwe, amene ofesi yawo imawapatsa ndalama ya chigono. Apa pali chinthu chimene ambiri sachizindikira. Mwini loji akadziwa kuti alendo ake ambiri amalipiriridwa ndi ofesi, amaika mtengo wolingana ndi alawansi yawoyo, ndipo munthu wolipira yekha amapezeka akupikisana ndi thumba la bungwe. Kukakhala msonkhano wa masiku atatu zipinda zimadzaza zonse, mtengo nukwera.

Pamwamba pa mtengo wa chipinda, malo olembetsedwa amawonjezera msonkho wa VAT ndi kamsonkho ka zokopa alendo. Mlendo wochenjera amafunsa asanalandire kiyi ngati mtengo wauzidwawo uli kale ndi misonkho, ndiponso ngati chakudya cha m'mawa chili momwemo. Safunsa adadya phula. Kwa banja la anthu atatu kapena anayi, loji yapakati nthawi zina imatsika mtengo kuposa mmene ionekera, chifukwa amalipiritsa chipinda osati mutu wa munthu, ndipo ndalamayo ikagawidwa imapepuka. Koma kwa wofuna ntchito yothyola tiyi kapena mayi wosamalira wodwala kwa sabata yathunthu, khomo limeneli nalonso ndi lotseka.

RESITI HAUSI

Kumene anthu wamba ambiri amathera ndi ku resiti hausi ya pa malo a malonda: mzere wa tizipinda ta malata, bedi ndi matiresi, bulangete limodzi, chimbudzi ndi bafa zapanja zogwiritsa ntchito onse. Mtengo wake ndi wotsika kuposa malo onse olipira, ngakhale kuti kwa munthu wa K3,461 patsiku usiku umodzi ungathe kumeza thukuta la tsiku lathunthu kapena kuposerapo. Zilipo zina zosamalidwa bwino, zimene eni ake amachapa zofunda, kusesa ndi kulemba dzina la mlendo aliyense m'buku, ndipo anthu oterewa ayenera kuyamikiridwa. Koma zilipo zinanso zambiri zimene zidangomangidwa kuseri kwa bala, ndipo phindu lake lenileni silichokera kwa apaulendo.

M'malo oterewa kutsika kwa mtengo kumabwezedwa m'njira zina. Nyimbo za m'bala zimalira mpaka tambala woyamba. Loko wa pachitseko amatseguka ndi kiyi aliyense. Nsikidzi zimadikira kuti nyali izime. Pamene palibe neti, mlendo amanyamula malungo kupita nawo kwawo, ndipo ndalama imene adapulumutsa pa chipinda amakaitaya ku mankhwala ndi masiku osagwira ntchito. Chimbudzi chimodzi cha anthu makumi awiri chopanda madzi osamba m'manja si chinthu chosewera nacho m'dziko limene mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700. Ndipo mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta mapiri a Thyolo kwa masiku angapo, bulangete limodzi lopyapyala silithandiza kanthu.

Amene amalipira kwambiri ndi amayi. Mkazi woyenda yekha akalowa pa chipata cha resiti hausi yotere, anthu amamuyang'ana ndi diso lina, ngakhale wabwera kudzagula nthochi kapena kudzaona mwana wake wodwala. Usiku amagogodedwa pachitseko ndi oledzera. Ambiri amasankha kugona pakhonde la sitolo pamodzi ndi anzawo kusiyana ndi kuipitsa mbiri yawo. Mtengo umenewu sulembedwa pa risiti iliyonse, koma ndi waukulu kuposa wa chipinda.

KWA ACHIBALE

Njira imene makolo athu adatisiyira ndiyo kufikira kwa mbale. Kale mlendo wopanda wachibale ankaonekera kwa mfumu, ndipo mfumu inkamupezera pogona. Mnyamata ankalowa m'gowelo pamodzi ndi anyamata a m'mudzimo, mtsikana nakagona ku kuka. Palibe amene ankatchula ndalama. Mwambowu sudafe, ndipo ambiri amauwerengera ngati chigono chaulere.

Koma kunena zoona chigono chimenechi chili ndi mtengo wake, kungoti amaugawana anthu awiri. Mlendo waulemu safika chimanjamanja. Amanyamula shuga, sopo, kapena kankhuku, ndipo nthawi zina zimenezi zimafanana ndi mtengo wa chipinda cha resiti hausi. Mwininyumba naye amagula ndiwo zimene sakadagula, amatentha nkhuni zowonjezera, ndipo ana amachotsedwa pa mphasa yawo kukagona kwa anansi. M'malaini a pa esiteti, mmene nyumba zambiri ndi zazing'ono ndipo ndi za kampani, zimene wantchito amakhalamo malinga ndi ntchito yake, kulandira mlendo kwa sabata ziwiri ndi katundu wolemera. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sakhalitsa, tsono tiyenera kumusamala. Koma mwambi womwewo umakumbutsanso mlendo kuti mame amakamuka dzuwa likatuluka. Wofuna ntchito amene wakhala mwezi wathunthu kwa mlamu wake akudikira kulembedwa amakhala wadya chakudya cha ana, ndipo chibale chimayamba kuzilala. Pa usiku umodzi kapena iwiri, kwa mbale ndiko kotsika mtengo ndi kotetezeka kopambana. Masiku akachuluka, ngongole yake imabwezedwa ndi chidani.

MISHONI, SUKULU NDI KHONDE

Pali njira ina imene ambiri amaiwala. Mipingo ina ili ndi nyumba za alendo kapena zipinda za misonkhano. Chitsanzo chodziwika chapafupi ndi Likhubula House ya Sinodi ya Blantyre ya CCAP m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Malo a mipingo nthawi zambiri amalipiritsa pa bedi, salola mowa, amatseka chipata msanga, ndipo mayi kapena mtsikana amagonamo mtima uli m'malo. Vuto lake n'lakuti ndi ochepa, ali kutali ndi msewu waukulu, ndipo wosadziwa sangawapeze usiku.

Ife aphunzitsi tikatenga ana kukaona mmene tiyi amafotetsedwera, kupotedwa ndi kuumitsidwa m'fakitale, timadziwa kuti ana 60 sangalowe mu loji iliyonse. Timapempha sukulu ina kuti itibwereke makalasi awiri, anyamata kwawo atsikana kwawo, aliyense ndi mphasa ndi chofunda chake, ndipo mtengo wake umangokhala nkhuni, madzi ndi kangachepe kothokoza mlonda. Palibe chigono china cha gulu chimene chingatsike kuposa pamenepa, malinga pakhale mphunzitsi wamkazi wogona ndi atsikana ndi zimbudzi zokwanira.

Pansi pa zonsezi pali khonde la sitolo, benchi la pa depoti ndi shedi ya mu msika. Apa salipira kanthu, kapena amapatsa mlonda kandalama kochepa. Amalonda ambiri amagona motere atatsamira katundu wawo, diso limodzi lili maso. Osamalira odwala nawo amagona pa simenti m'malo amene zipatala zimawapatsa, naphika panja ndi nkhuni zogula. Ndi chigono cha munthu amene alibe chosankha, ndipo tsiku limene wakuba apambana, mpamba wonse wa malonda umapita usiku umodzi.

Enanso amati bwanji osabwerera ku Limbe kapena kwanu tsiku lomwelo. Kwa wokhala pafupi ndi msewu wa tala, amene ntchito yake ithe masana, nzeru imeneyi ndi yabwino, ndipo ayerekeze mtengo wa minibasi kupita ndi kubwera ndi mtengo wa chipinda ndi chakudya chamadzulo. Koma mafuta akasowa mitengo ya minibasi imakwera mosayembekezereka, madzulo galimoto zimachepa, ndipo wochokera ku Thekerani kapena kumidzi ya kutsidya kwa mitsinje m'nyengo ya mvula sangadalire kufika kwawo kusanade.

KUWERENGERA KOYENERA

Tsono munthu ayerekeze bwanji? Tipereke chitsanzo cha masamu, ndipo manambala ake ndi ongoyerekeza chabe. Tinene kuti chipinda choyamba ndi K8,000, koma chili makilomita asanu kuchokera ku chipatala kumene mlendo afuna kukafika m'mamawa, ndipo kabaza ndi K2,000 ulendo umodzi. Kupita madzulo ndi kubwerera m'mawa ndi K4,000. Tiyi ndi mandasi a m'mawa ndi K1,500. Zonse pamodzi zakwana K13,500. Chipinda chachiwiri ndi K12,000, chili pafupi moti munthu angoyenda pansi, ndipo tiyi wa m'mawa ali momwemo. Chimene chinkaoneka chokwera ndi K4,000 chapezeka chotsika ndi K1,500, tisanawerengere n'komwe neti, loko wabwino ndi tulo.

Motero mafunso ofunika ndi asanu. Kodi malowo ali kutali bwanji ndi kumene ndikupita? Kodi chakudya chili momwemo, kapena amalola kuphika? Kodi pali madzi, neti ndi chimbudzi chaukhondo? Kodi chitseko chimakhomeka, ndipo pali mlonda? Kodi ndikhala masiku angati, ndipo tili anthu angati? Funso lomalizali limasintha yankho lonse. Munthu mmodzi wa usiku umodzi apite kwa mbale kapena ku resiti hausi yodziwika bwino. Banja ligawane chipinda cha loji yapakati. Wokhala sabata kapena kuposerapo afune malo olola kuphika, pakuti kugula nsima ya m'lesitilanti katatu patsiku kumaposa mtengo wa bedi, ndipo akambirane mtengo wa sabata yonse m'malo mwa tsiku ndi tsiku. Gulu lipite ku mpingo kapena ku sukulu. Ndipo aliyense ayesetse kufika kusanade, aone chipinda ndi maso ake asanapereke ndalama, chifukwa wofika usiku alibe mphamvu yonenerera mtengo.

MMENE ZIDAYAMBIRA

Kusowa kwa chigono chabwino cha munthu wamba kuno kuli ndi mizu yake. M'nthawi ya atsamunda nyumba za alendo za boma zidamangidwira ma DC ndi azungu ena a boma poyendera madera awo, pamene amtengatenga awo ankagona panja kapena m'mudzi wapafupi. Mahotela a m'tauni sankalandira munthu wakuda ngati mlendo. M'minda ya tiyi namo, anthu ambiri, makamaka Alomwe ochokera ku Mozambique, adapatsidwa malo omangapo nyumba posinthana ndi thangata, ndiye kuti pogona pankalipiridwa ndi ntchito ya miyezi ingapo pachaka. Mkwiyo wa zimenezi udali pakati pa zifukwa za zipolowe za ku Thyolo mu Ogasiti 1953, ndipo thangata adathetsedwa mu 1962.

Titalandira ufulu mu 1964, makhonsolo a maboma ambiri adayendetsa maresiti hausi awoawo pafupi ndi misika ndi madepoti. Sizidali nyumba zapamwamba, koma mtengo wake udali wodziwika, risiti inkaperekedwa, ndipo munthu ankadziwa kokadandaula. M'kupita kwa zaka zambiri mwa nyumbazi m'dziko muno zidasiyidwa osakonzedwa, zina zidabwerekedwa kwa anthu, ndipo malo ake adatengedwa ndi tizipinda ta kuseri kwa mabala. Pamenepo ndi pamene sitepe yapakati idathyokera.

Alipo amene amati boma lisalowerere, msika udzakonza wokha, chifukwa resiti hausi yauve idzasowa alendo. Mfundoyi imagwira ntchito pa tomato wa ku Bvumbwe, pamene wogula amayenda masana kuona milu khumi asanasankhe. Mlendo wotsika minibasi usiku, mvula ikugwa, mwana ali kumbuyo, m'dera limene salidziwa, amalowa khomo loyamba lotseguka, ndipo mwina sadzabweranso. Mwini malo auve sataya kanthu pomukhumudwitsa, popeza mawa kudzatsika wina. N'chifukwa chake pamafunika diso la lamulo.

ZOYENERA KUCHITIKA

Choyamba, lamulo la dziko lino la mahotela ndi zokopa alendo limafuna kuti malo ogona alendo akhale ndi chiphaso, ndipo makhonsolo ali ndi oyendera za umoyo. Oyenderawa afike ku tizipinda ta pa malo a malonda monga amafikira ku malo ophera nyama, aone madzi, zimbudzi, zofunda ndi maloko. Cholinga chisakhale kutseka, pakuti kutseka kudzangowonjezera ogona pakhonde. Apatse mwini malo nthawi yokonza, ndipo wokonza bwino apatsidwe chikwangwani chopachika pakhomo kuti mlendo azindikire.

Chachiwiri, mtengo wa chipinda ulembedwe poyera pa chipata, ndipo risiti iperekedwe. Izi sizifuna ndalama ya boma ngakhale tambala imodzi, koma zingathetse mchitidwe woyang'ana nsapato za mlendo asanamuuze mtengo.

Chachitatu, khonsolo ya Thyolo, imene imatolera ndalama za misika tsiku ndi tsiku, iganizire zomanga chigono chosavuta pafupi ndi misika ikuluikulu monga Bvumbwe: holo ya amayi, holo ya abambo, chipinda chokhoma chosungiramo katundu, mpopi, zimbudzi ndi mlonda. Chitsanzo chake tili nacho pafupi. Pa phiri la Mulanje pali tinyumba ta okwera phiri monga ku Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Sombani, mmene mlendo amabwera ndi chakudya ndi chofunda chake, napeza denga, nkhuni ndi mlonda pa mtengo wochepa. Ngati nzeru imeneyi idatheka pamwamba pa phiri chifukwa cha okwera mapiri, ingathekenso pa msika chifukwa cha mayi wogulitsa kabichi.

Chachinayi, eni minda ya tiyi, kudzera m'bungwe lawo la Tea Association of Malawi, pamodzi ndi bungwe la ogwira ntchito m'minda, akambirane za anthu odzafuna ntchito kumayambiriro kwa nyengo. Kulengeza msanga tsiku lolemba anthu ndi chiwerengero chofunika kungapulumutse ambiri ku masiku odikira pachabe, ndipo shedi yaukhondo ya usiku umodzi kapena iwiri si chinthu chovuta kwa kampani imene ili ndi njerwa, matabwa ndi amisiri ake.

Chachisanu, sukulu zogonera komweko ndi mipingo zitsegule zitseko pa tchuthi. Nzeru imeneyi si yachilendo. Mphunzitsi wina wa ku Germany, Richard Schirrmann, adaganiza mu 1909 zogwiritsa ntchito makalasi opanda anthu pa tchuthi ngati pogona ana apaulendo, ndipo mu 1912 adatsegula nyumba yoyamba yokhazikika ya mtunduwu ku Altena. Kuchokera pamenepo nyumba zogona achinyamata pa mtengo wotsika zidafalikira m'maiko ambiri. Mabedi a m'sukulu zathu amakhala opanda munthu miyezi ingapo pachaka. Kandalama kochepa kochokera kwa magulu odziwika bwino kangathandize kukonza mazenera ndi zimbudzi za sukulu yomweyo.

Chachisanu ndi chimodzi, eni nyumba zapamwamba za m'minda ya tiyi akhale ndi mtengo wapadera wa Amalawi m'kwacha, makamaka m'miyezi imene alendo akunja amachepa, ndipo kumene mtengo wotere ulipo kale aulengeze kuti udziwike. Bedi losagonedwa usiku wa lero silingagulitsidwenso mawa. Namwino kapena mphunzitsi amene wasunga ndalama kwa chaka kuti akapume usiku umodzi pakati pa minda imene agogo ake adalambula asabwezedwe ndi mtengo wa madola.

Kwa inu awerengi, pempho lathu ndi lakuti musamachite manyazi kufunsa mtengo, kuona chipinda, ndi kukana ngati sichili bwino. Mbewa ya manyazi idafera kudzenje. Mukapeza malo aukhondo ndi achilungamo, uzani anzanu a kumpingo, a kumsika ndi a kuntchito, kuti mwini wake apindule ndi khalidwe lake labwino. Mukafikira kwa mbale, nenani tsiku lochoka pa tsiku lofika, ndipo musafike manja ali lende. Ndipo amene muli ndi mpando m'khonsolo, m'komiti ya mpingo kapena ya sukulu, funsani pa msonkhano wotsatira kuti alendo ofika m'dera lanu usiku amagona kuti, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Sabata yamawa tidzaona za mtengo wa chakudya cha paulendo, poyerekeza kamba wonyamula kunyumba ndi nsima ya m'malesitilanti a m'mbali mwa msewu wa Limbe mpaka Muloza.